eBay, Vinted kapena Facebook Marketplace: ndalama zanu zimatetezeka kuti pogula zovala?

Chovala n'chovuta kugula usanachigwire. Jekete yovalidwapo imakhala ndi fungo lake, msoko womasuka m'khwapa, tizibowo ta njenjete, ndipo zonsezi chithunzi chimabisa. N'chifukwa chake poyerekeza malo ogulira zovala pa intaneti ine sindiyambira pa mtengo. Ndimafunsa kaye kuti ndalama yanga aisunga ndani, nanga ndili ndi masiku angati oti ndidandaule katundu akafika wolakwika.

Pa okishoni yeniyeni, eBay ndiye mkulu. Anaiyambitsa Pierre Omidyar mu 1995. Wogulitsa amasankha kuti malonda atenge tsiku 1, masiku 3, 5, 7 kapena 10, ndipo nthawi ikakwana, amene waika mtengo wapamwamba ndiye watenga. Ambiri sadziwa kuti sufunika kukhala pamenepo n'kumawonjezera pang'onopang'ono. Umalemba ndalama yomwe sungapitirire, kompyuta n'kumakupikisanira yokha, ndipo umalipira kungoposa pang'ono amene akukutsatira. Ine ndimaika mtengo wanga kamodzi basi, cha kumapeto, nditawerengera kale ndalama yotumizira ndi msonkho wa pamalire. Mtima ukatentha m'mphindi zomaliza, munthu amagula diresi yakale pa mtengo woposa yatsopano, ndipo mtengo ukangouika walonjeza, sungothawa.

Mphamvu ya eBay ili pa masiku 30. Chovala chikapanda kufika, kapena chikafika chosiyana ndi momwe anachifotokozera, muli ndi nthawi imeneyi yopempha ndalama zanu, ngakhale wogulitsayo analemba kuti salandira zobwezedwa. M'mayiko ena nsapato ndi zikwama zodula zimayamba zadutsa kwa akatswiri oona ngati sizachinyengo. Koma malaya wamba sadutsako, ndiye diso lanu ndilo mlonda: onani chithunzi cha lebulo ya m'khosi, ya m'mbali yonena za kachapidwe, ndiponso zipi.

Vinted, yomwe inayambira ku Vilnius m'dziko la Lithuania mu 2008, si okishoni. Mtengo ndi woikiratu, koma mukhoza kunenerera. Kwa munthu amene amatengeka ndi mpikisano, apa mtima umakhala m'malo. Wogula amalipira kandalama kowonjezera ka chitetezo, ndipo kampaniyo imasunga ndalama zonse mpaka katundu atafika. Vuto ndi nthawi: masiku 2 okha. Mukalandira phukusi n'kuliika pakona kuti mudzatsegula Loweruka, ndalama ipita kwa wogulitsa inu musanaone kuti thalauza lili ndi dontho la mafuta. Komanso imagwira ntchito m'mayiko owerengeka, choncho yambani mwaona ngati lanu lilipo.

Facebook Marketplace ndimaiika pamapeto. Malonda ambiri kumeneko ndi a anthu awiri kungomvana pa mameseji, popanda wapakati wosunga ndalama. Njabwino ngati mukumana pamalo a anthu ambiri, muyese chovalacho, kenako mulipire. Kutumiziratu ndalama kwa munthu wosamudziwa, ayi.

Pali chinthu chimodzi chomwe malo onsewa sangakupulumutseni nacho: saizi. Chovala chikakuthinani koma wogulitsa sananame, eBay ndi Vinted zonse ziwiri sizimukakamiza kuchilandiranso, pokhapokha iye mwini atalola. Ndipo manambala a pa lebulo ndi osadalirika. Saizi 12 ya amayi ku UK imafanana ndi 8 ku America, ndipo chovala cha thonje chochapidwa kambirimbiri chimafupika. Tengani malaya anu okukwanani bwino, muwayale pansi, muyeze ndi tepi kuchokera kukhwapa kufika kukhwapa linzake, utali wa mkono ndi wa msana. Kenako pemphani wogulitsa ayeze chimodzimodzi, atumize chithunzi tepi ili pomwepo. Wozemba pempho laling'ono ngati limeneli ndimamusiya, ngakhale mtengo ukome bwanji.

Werenganinso ndemanga zoipa za ogula akale, osati kuchuluka kwa zabwino kokha. Anthu atatu akadandaula za fungo la fodya, ndiye kuti fungolo lilipodi. Ndipo wina akati mukambirane kumbali kuti akuchotsereni mtengo, kapena mulipire pa PayPal, njira yotumizira ndalama pa intaneti, ngati mukutumizira mnzanu kapena wachibale, dziwani kuti akukuvulani chitetezo chonse, chifukwa ndalama yotumizidwa mwa njira imeneyo ilibe podandaulira.

Pa chovala chodula kapena chochokera kutali, ine ndimasankha eBay chifukwa cha masiku 30 aja. Pa zovala za tsiku ndi tsiku, Vinted ndi yokwanira, bola phukusi mulitsegule tsiku lomwelo, pamalo owala, foni ikujambula kuyambira pomatula.