Neti ya mthunzi ya 80%: ikuthandiza ng'ombe zosakaniza, koma ikafika pamwamba mokwanira

Neti iyi ndi ya pulasitiki yolukidwa, imene imatchinga magawo 80 pa 100 alionse a kuwala kwa dzuwa. Yagwira ntchito nyengo yonse yotentha pa khola la ng'ombe za mkaka zosakaniza, zina za Friesian ndi Zebu, zina za Jersey ndi Zebu (Friesian ndi Jersey ndi mitundu ya mkaka yochokera kunja, Zebu ndi ng'ombe za linunda). Ndikuipatsa nyenyezi 4 pa 5.

Phindu lake limaonekera msanga pa ng'ombe zimene magazi a Friesian achuluka, makamaka zakuda zimene magaziwo afika magawo atatu pa anayi. Ubweya wakuda umakoka dzuwa, komanso ng'ombe ya mkaka wambiri imadya kwambiri, ndiye chakudya chikamagayika m'chifu thupi limatenthanso kuchokera m'kati. Za theka Friesian, theka Zebu sizisintha kwenikweni. Zinatengera kwa Zebu ubweya waufupi wosalala ndi thukuta lambiri, moti masana mumazipeza zikudya panja zinzake zitathawira pansi pa neti. Za Jersey zili pakatikati, popeza thupi laling'ono silisunga kutentha ngati lalikulu.

Kuti mudziwe ngati neti ikugwira ntchito, musadalire maso okha. Dzuwa likapendeka pang'ono, yang'anani m'nthiti ndi kuwerenga mmene ng'ombe ikupumira kwa masekondi 30, kenaka chulukitsani kawiri. Ikaposa 60 pa mphindi ndiye kuti yayamba kuvutika. Ikaposa 80, n'kuyamba kupuma chotsegula kukamwa, dovu likuchucha, ithireni madzi pamsana mpaka anyowetse khungu, osati ubweya wokha. Dovu limeneli si lotaya: ndi limene limachepetsa asidi m'chifu, choncho likamathera pansi ng'ombe imasiya kubzikula, kudya kumachepa, mkaka n'kutsika. Pansi pa neti yomangidwa bwino, zakuda zija zimagona n'kumabzikula masana m'malo moima chilili.

Kamangidwe ndi kamene ambiri amalakwitsa. Neti ikhale mamita 3.5 kapena 4 kuchokera pansi. Ikatsika, mphepo siidutsa ndipo mpweya wotentha umatsakamira pamsana pa ng'ombe, kuwonjezera apo zimakoka m'mphepete ndi lilime n'kumatafuna. Ng'ombe iliyonse ipeze mthunzi wa masikweya mita 4 kapena kuposerapo. Mukapanikiza, zaukali zimalanda malo, zofatsa ndi zobereka koyamba n'kutsala padzuwa, ndipo zounjikanazo zimatenthetsana zokha. Utali wa neti uloze kumpoto ndi kummwera kuti mthunzi uzisuntha, dzuwa liziumitsa ndowe ndi mkodzo. Pamalo posauma ndi pamene matenda a bere ndi kuola kwa ziboda zimayambira.

Nyenyezi imodzi ndachotsa pa zifukwa ziwiri. Zingwe zimene zimabwera ndi netiyi n'zofooka. Pamafunika waya wolimba m'mbali zonse ndi wina wodutsa pakati, apo ayi neti imalendewera, mphepo n'kuing'amba pa timabowo tomangira. Chachiwiri, siitchinga mvula, ndiye modyera pamafunabe denga lenileni.

Dziwaninso kuti neti imachotsa dzuwa lokha, mpweya siiuziziritsa. Masiku a chinyezi chambiri opanda mphepo, thukuta siliuma ndipo za Friesian zimapumabe mwawefuwefu ngakhale zili pamthunzi. Madzi akumwa akhale pomwepo pansi pa neti tsiku lonse, chifukwa ng'ombe yokamidwa ikhoza kumwa malita oposa 80 kukatentha, ndipo siilola kuwoloka padzuwa kuti ikawapeze. Chakudya chambiri chiperekedwe m'mamawa ndi madzulo.

Neti siithetsa vuto la kuzindikira ng'ombe yofuna nkhunzi. Nyengo yotentha ng'ombe yofuna nkhunzi imaonetsa zizindikiro kwa nthawi yochepa, kawirikawiri usiku, choncho pamafunikabe kuzionetsetsa mbandakucha ndi chisisira. Pogula, funsani ngati netiyo ndi yotetezedwa ku UV, kuwala kwa dzuwa kosaoneka ndi maso kumene kumawononga pulasitiki. Yopanda chitetezo chimenechi imauma n'kuyamba kufumbutuka ikakhalitsa padzuwa.