TEC1-12706: kachipangizo kofulumira pa mbale yochedwa kuzizira

Ndinagula tizipangizo tinayi toziziritsa ndi magetsi ta TEC1-12706 pofuna kuona ngati masamu amene ndinalemba pa kompyuta akulosera molondola mmene mbale yoziziritsa ya kudenga imasinthira kutentha kwake pamene nthawi ikupita. Kachipangizo kalikonse n'kotalika mamilimita 40 mbali zonse, kali ndi timiyala ta bismuth telluride tolumikizidwa tiwiritiwiri m'magulu 127, ndipo kamagwira ntchito motsatira zimene Jean Peltier anatulukira mu 1834: magetsi akadutsa, mbali imodzi imazizira pamene inayo ikutentha.

Chimene chinandikondweretsa n'chakuti kachipangizoka kamamvera msanga, moti pakangopita masekondi ochepa chala chimamva kale kuzizira. Mbale ya aluminiyamu imene ndinayikapo tizipangizoto ndiyo imachedwa. Yanga inali ya masentimita 60 mbali zonse, yochindikala mamilimita 3, yolemera pafupifupi makilogalamu 2.9, ndipo chitsulo chotere chimafunika kuchichotsera majuli (muyeso wa mphamvu) pafupifupi 2,600 kuti chitsike ndi digiri imodzi yokha. Masamu anga oyamba sanawerengere kutentha kumene mbaleyo imasunga, choncho ankasonyeza kuti yazizira kalekale pamene masensa oyezera kutentha ankasonyeza kuti ikutsikabe pang'onopang'ono. Nditawonjezera gawo limeneli, pamodzi ndi kutentha kosungidwa m'chitsulo chotaya kutentha cha kumbuyo, mizere iwiri, wa masamu ndi wa masensa, inayandikana mokhutiritsa.

Wogula asatengeke ndi mawati oposa 50 a mphamvu yoziziritsa olembedwa pa pepala la malonda, chifukwa chiwerengerocho chimafikika pokhapokha mbali ziwiri za kachipangizoka zikakhala zofanana kutentha, zimene sizichitika padenga. Komanso magetsi akawirikiza kawiri, kutentha kumene kachipangizoka kamadzipangira kokha kumawirikiza kanayi, ndipo pafupifupi theka lake limabwerera kumbali yozizira. N'chifukwa chake ndinakhazikika pa maampeya awiri m'malo mwa asanu ndi limodzi amene kangathe kupirira, ngakhale kuti poyamba ndinkaona ngati ndikukamana mphamvu.

Mame nawonso safuna kuiwalidwa, pakuti m'chipinda cha madigiri 26 chokhala ndi chinyezi cha 60 peresenti, mame amayamba kupangika pa chitsulo chimene chatsika kufika cha m'ma madigiri 18, ndipo timadontho toyamba ndinatiwona pansi penipeni pa tizipangizoto pamene m'mphepete mwa mbale munali mouma. Kwa wofuna kuyesa masamu ake pa mbale yaing'ono, kachipangizoka n'koyenera kugula. Kwa wofuna kuziziritsa chipinda chonse, magetsi amene kamadya ndi ochuluka kuposa a makina oziziritsa a kompuresa.