Mageji a AC ya galimoto: andiuza zoona pa kompuresa yomwe inkangozungulira osapuma

Seti ya mageji oyezera presha ya gasi wa AC iyi, ena amangoti manifold, anthu ambiri amaiona ngati ndi ya amakaniko okha basi, koma ine nditaigwiritsa ntchito ndikuona kuti aliyense amene amakonda kutsegula boneti yekha akhoza kupindula nayo bola adziwe chomwe imatha ndi chomwe siimatha. Yanga ndi ya gasi wa R134a, ili ndi mageji awiri, yabuluu ndi yofiira, mapaipi atatu, yabuluu yofiira ndi yachikasu, kuphatikizapo timitu tiwiri tolumikizira pa galimoto ndi kangowe kokolekera pa boneti, zonse mu kabokosi ka pulasitiki. Dzina la kampani sinditchula chifukwa ndinenapo ndi zoipa zake zomwe, komanso zamtundu uwu zambiri zimangofanana kapangidwe.

Vuto lomwe linandipangitsa kugula ndi lakuti kompuresa, pampu ija yopopa gasi wa AC, inasiya kupuma. Kale ukayatsa AC umamva kuti kwa! kenako pakapita kanthawi kwa! injini nkupepukidwa pang'ono, ndiye kuti kilatchi ya kompuresayo yagwira kenako yasiya. Phokoso limeneli linangotha, ukayatsa AC kompuresa kumangozungulira mpaka uzimitse wekha, ndipo ukayenda mtunda wautali mphepo mkati imayamba kuchepa ngakhale fani ikulira pamwamba, ukaima ndi kuzimitsa injini madzi ambirimbiri pansi pa galimoto. Aliyense amene ndinamufotokozera amangoti kompuresa yafa sinthani, ena akuti gasi watha onjezerani, koma palibe amene anayeza kanthu.

Musanafike nkomwe pa mageji pali zinthu zoti muone ndi maso, ndipo apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka. Pule ya kompuresa imazungulira nthawi zonse injini ikamalira chifukwa ili pa lamba, zimenezo si vuto ayi. Choyang'ana ndi kambale kakutsogolo kwa pule, kamene kamakokedwa ndi maginito a koyilo AC ikayatsidwa, kakazungulira ndiye kuti kompuresa ikupopa, kakaima ndiye kuti yapuma. Chachiwiri, si kompuresa zonse zimene zimapuma. Pali zamtundu wa variable displacement, zimene zimachepetsa kapena kuonjezera kapopedwe mkati mwake momwemo kudzera pa valavu, izi zimangozungulirabe ndipo zina zilibe nkomwe kilatchi, ndiye mukaona yanu sikudula musathamangire kuti yaonongeka, yambani mwadziwa mtundu wake. Komanso tsiku lotentha kwambiri, mawindo otsegula, fani pamwamba, ngakhale kompuresa yabwinobwino imatha kukhala osapuma chifukwa kutentha kwachuluka. Ndipo galimoto zambiri mukaika mphepo pa galasi lakutsogolo kuti lichotse nthunzi zimayatsa zokha AC ngakhale simunadine batani lake.

Kompuresa yanga ndi yamtundu wakale uja wodula ndi kugwira, ndiye kusapuma kwake usiku kunja kukuzizira fani ili pa 1 kunali vuto lenileni.

Kulumikiza sikovuta ngakhale pang'ono ndipo apa ndawayamikira opanga. Pa R134a pakamwa pa mbali ya presha yotsika ndi pang'onopo, pa mbali ya presha yokwera ndi pakulupo, ndiye kamutu kabuluu sikangalowe pofiira olo mutakakamiza. Mumakoka kamphete kake, kukankha, nkumva kuti kwatsa, kenako kupotokola kapamwamba kuti kadine valavu ya mkati. Mavalavu awiri a pa manifold penipenipo akhale otseka pamene mukungowerenga, palibe chifukwa chowatsegulira. Ndipo abale ichi ndikunena mochokera pansi pamtima, ngati mwalumikiza botolo la gasi ku paipi yachikasu injini ikulira, valavu yofiira musaikhudze, presha ya mbali imeneyo ikabwerera mu botolo likhoza kuphulika m'manja mwanu. Valani magalasi ndi magolovesi, gasi ameneyu akatuluka panja amawira pa -26°C, akakugwerani pa chala kapena m'diso amaotcha ndi kuzizira.

Choyamba ndinawerenga injini ili chozima, galimoto itazizira bwino. Pamenepo mageji onse awiri amayenera kulozera pafupifupi pamodzi, ndipo nambala yake imatsatira kutentha kwa kunja, R134a pa 25°C amakhala cha m'ma 82 psi (psi ndi muyezo wa presha), pa 30°C cha m'ma 97. Yanga inali mmenemo. Koma dziwani kuti nambala iyi siikuuzani kuti gasi ndi wodzadza, imangokuuzani kuti mkatimo muli gasi wamadzi ndithu, olo atatsala theka nambala ikhoza kukhala yomweyo. Anthu ambiri amanamizika pamenepa.

Zokoma zinayamba nditaliza injini ndi kuyatsa AC. Muvi wofiira unakwera nkukakhazikika malo abwino, pa nyengo yofunda mbali imeneyi imayenda pakati pa 150 ndi 250 psi, ndiye kondensa, yonga radiyeta ija yoziziritsa gasi kutsogolo kwa galimoto, ndi fani yake ndinazichotsa pa mndandanda wa zokayikitsa. Muvi wabuluu ndi umene ndinaupenyetsetsa. Unatsika kuchoka m'ma 40, kudutsa 30, pamenepo ndinali kudikira kuti kwa! koma ayi, unapitirirabe kutsika pang'onopang'ono kudutsa 25 mpaka pansi pa 20, kambale kakuzungulirabe, ndipo paipi yaikulu ya aluminiyamu yobwerera ku kompuresa inayamba thukuta kenako nkuyera mbuu ndi chisanu, ukaika chala chimamatirira. Mkati mwa geji yabuluu muli manambala ang'onoang'ono a kutentha ozungulira pansi pa a presha, ndipo ndi amene anandimasulira zonse, pa 28 psi gasi ameneyu amakhala ali pa 0°C, kutanthauza kuti presha ikatsika kupitirira pamenepo kwa nthawi, madzi a mu mpweya amaundana pa evaporator, chitsulo chija choziziritsa mphepo mkati mwa dashibodi, ayezi nkutseka timipata todutsa mphepo. Nchifukwa chake mphepo inkachepa pa ulendo wautali, ndipo madzi ambiri aja anali ayezi akusungunuka.

Ndiye taonani zomwe geji inandiuza. Kompuresa yotha mphamvu siingakoke presha mpaka pansi chonchija, ikatopa mbali yabuluu imakhala yokwera yofiira nkukhala yotsika, miviyo ngati ikufuna kukumana pakati. Yanga inali yamphamvu zedi. Chimene chinafa ndi chinthu choiuza kuti basi kwazizira mokwanira tapuma.

Apa tsopano ndi pomwe seti iyi imathera, ndipo ndi bwino wogula adziwiretu. Imaona za gasi zokha, za magetsi ndi yakhungu. Kuti mupeze chimene chikukana kudula mufunika multimeter, choyezera magetsi chija, ndi manja anu. Zimitsani AC pa batani injini ikulira, muone kambale. Kakapitiriza kuzungulira zulani pulagi ya waya wopita ku koyilo, kakaima ndiye kuti magetsi akubwera mosayenera, nthawi zambiri ndi relay, switch yotumiza magetsi ku koyilo, yomwe timano take tamatirirana mkati, mukhoza kuisinthanitsa ndi ina ya nambala yofanana mu bokosi la mafyuzi kuti mutsimikize, relay yotereyi pa galimoto zina imamalizanso batire usiku chifukwa koyilo imangokoka magetsi injini ili chozima. Kakazungulirabe pulagi mutazula ndiye kuti ndi zachitsulo, kilatchi yagwirana kapena mpata wa pakati pa kambale ndi pule watha, mpata umenewu umakhala wochepera milimita imodzi ndipo umayezedwa ndi feeler gauge. Yang'ananinso ngati wina sanalumphitse waya pa pressure switch, imene imadula kompuresa presha ikalakwika, pali anthu amachita zimenezi kuti AC igwire msanga nkuiwala kuchotsa, zoopsa kwambiri chifukwa chitetezo chonse chimakhala chachoka.

Kwa ine batani limadula bwinobwino, ndiye relay ndi kilatchi zinalibe mlandu. Galimoto zina zimadula potengera switch ya presha yotsika, zina potengera kasensa ka kutentha kobayidwa pa evaporator, yanga ndi ya kasensa. Kameneka kakazizira ma ohm ake amayenera kukwera, ndiye ndinakachotsa kuseri kwa glove box nkukaika m'madzi a ayezi multimeter ili pomwepo, nambala osasuntha mpang'ono pomwe, kompyuta ya galimoto inkangouzidwa kuti kukutenthabe. Nditaika katsopano ndinalumikizanso mageji, muvi wabuluu kutsika kufika cha m'ma 20 apamwamba, kwa! kambale kuima, muvi kukwera pang'onopang'ono, kwa! kugwiranso. Kuona muvi ukuvina chonchija ndinasangalala kwabasi, ndipo gasi sindinaonjezere olo pang'ono.

Pa nkhani ya kuonjezera gasi ndiime kaye, chifukwa ndi pomwe seti iyi ikhoza kumuononga munthu. Ukakhala ndi mageji m'manja mtima umafuna kuthira. Koma gasi akachepa kwambiri kawirikawiri kompuresa imadula pafupipafupi kapena kukana kugwira, ndipo akachuluka presha imakwera mbali zonse, kuzizira kumachepa, kompuresa nkumavutika osapuma. Mulingo woyenera ndi wa magalamu, unalembedwa pa sitika pansi pa boneti, ndipo njira yake ndi kukoka vacuum, kutanthauza kuchotsa mpweya wonse mkati ndi makina, kenako kuthira pa sikelo, geji payokha siingakupatseni magalamu. Komanso kutulutsira gasi mu mlengalenga si bwino, R134a amatenthetsa dziko kuposa carbon dioxide kokwana 1,430, ntchito yochotsa gasi isiyireni amene ali ndi makina okokera.

Zomwe sizinandisangalatse pa seti yanga zilipo. Timalabala ta kumapeto kwa mapaipi ndi tofewa kwambiri, kalabala ka paipi yofiira kanafinyika msanga nkuyamba kuti tsiii pang'onopang'ono, ndinachita kugula tina tolimba, ndipo opanga sanaikemo tapadera ngakhale kamodzi. Mageji ake ndi ouma opanda mafuta aja a glycerin mkati, ndiye muvi wofiira umanjenjemera kompuresa ikamapopa, umachita kuyerekeza pakati pake. Muvi wabuluu unabwera usali pa 0, mwayi pali kasikuluu kokonzera kuseri kwa galasi, onani zimenezi musanalumikize chifukwa pa mbali yotsika kusiyana kwa 3 kapena 4 psi kukhoza kukusocheretsani. Mapaipi ndi aafupi, pa galimoto yomwe pakamwa pofiira pali kutsogolo pafupi ndi kondensa umavutika pokoleka, ndipo uyenera kusamala kuti asakhudze lamba kapena fani. Kapepala ka malangizo ndiye kangokhalapo, sikakuuza ngakhale tanthauzo la manambala.

Koma thupi lake ndi la chitsulo cholemera bwino, mavalavu amatseka osadontha, timitu timagwira nganganga, manambala ndi aakulu owerengeka, ndipo pali kagalasi pakati koonera gasi akamadutsa. Pa kawerengedwe, nditafanizira presha ya injini chozima ndi kutentha kwa kunja zinagwirizana, ndiye ndimaikhulupirira. Kwa munthu wokonza galimoto yake ndi ya achibale ndi yokwanira, ndingaipatse 4 pa 5. Kwa makaniko wogwira tsiku ndi tsiku ndingati onjezerani ndalama mugule ya glycerin kapena ya digital yokhala ndi mapaipi aatali, iyi timalabala take sitingapirire.

Musanagule werengani sitika ya pansi pa boneti kuti mudziwe gasi wa galimoto yanu. Galimoto zakale kwambiri, zisanafike zaka za pakati pa ma 1990, zinkabwera ndi R12 yemwe anathetsedwa potsatira pangano la Montreal la 1987, pakamwa pake ndi pa mazinga. Zatsopano zambiri zili ndi R1234yf, m'maiko a European Union galimoto zazing'ono zatsopano zonse zinasiya R134a kuyambira 2017, ndipo timitu take ndi tosiyana dala kuti magasi asasakanizike, komanso ameneyu amatha kuyaka moto pang'ono. Seti ngati yangayi pa galimoto zimenezo siilowa, mufunika yakeyake. Ndipo ngati yanu ndi hybrid kapena yamagetsi, zambiri zili ndi kompuresa yoyendera magetsi amphamvu yogwiritsa oyilo wakewake, mapaipi omwe adutsapo oyilo wa PAG wa galimoto wamba musawalumikize kumeneko.