Gasi wa ndowe: wophikira, woyatsira magetsi kapena wogulitsa?

Aliyense akamanga thanki ya gasi wa ndowe, momwe ndowe imaolera n'kutulutsa mpweya woyaka moto, achibale amayamba ndi funso limodzi: "Nanga magetsi muyatsa liti?" Inenso maganizo anga anali pa jenereta. Nditawerengera bwino ndinabwerera kukhitchini.

Ndowe yaiwisi ya ng'ombe yolemera makilogalamu 25 imatulutsa gasi pafupifupi malita 1,000, ndipo ng'ombe ziwiri kapena zitatu zogona m'khola zimakwanitsa zimenezi tsiku lililonse. Mbaula ya gasi imadya malita 300 mpaka 400 pa ola, choncho malita 1,000 aja ndi maola pafupifupi atatu ophika, nsima ya masana ndi madzulo, ndiwo ndi madzi a tiyi. Moto wake ndi wa buluu, mphika kunsi umakhala woyera, ndipo kutentha koposa theka kumafikadi pa mphika. Ndalama imene imatsala m'thumba ndi ya makala, ndipo aliyense wogula thumba la makala ku Limbe kapena ku Lilongwe akudziwa kuti si yochepa. Onjezanipo maola a mayi otola nkhuni ndi maso a ana osafiira ndi utsi.

Gasi yemweyo mukamupatsa jenereta yaing'ono, mupeza yuniti imodzi ndi theka ya magetsi, mwina kucheperapo, chifukwa mphamvu yambiri imatha ngati kutentha kwa injini. Ganizirani mtengo wa yuniti imodzi ndi theka ku ESCOM, muuyerekeze ndi makala ophikira tsiku lathunthu. Komanso gasiyu amakhala ndi chinyezi ndi mpweya wonunkha ngati dzira lovunda, umene umadya injini mkati. Popanda sefa ya tizitsulo kapena sitilo wulo, oyilo amawonongeka msanga ndipo makaniko amakhala mlendo wa mwezi ndi mwezi. Jenereta imapindulitsa pamene ndowe ndi yochuluka, monga pa famu ya nkhumba zambirimbiri, pophera ng'ombe, kapena pa bungwe la alimi a mkaka ngati a ku Thyolo ndi Chiradzulu, kumene magetsi akazima mkaka wa tsiku lonse umasasa. Injini ya dizilo ya chigayo nayonso imatha kuyendera gasi ndi dizilo pang'ono, ndipo apo phindu limaoneka.

Nyale ya gasi musavutike nayo. Imadya malita opitirira 100 pa ola, kansalu kake sikachedwa kuthetheka, pamene kasola kakang'ono kamawalitsa nyumba n'kutchajanso foni.

Ena amalota zothira gasi m'masilinda n'kumagulitsa ngati uja wa kumafilingi siteshoni. Uja amasanduka madzi akangopanikizidwa pang'ono, pamene wa ndowe satero. Pamafunika kumuyeretsa kaye, kenako makina opanikiza mwamphamvu kwambiri. Ku India boma linayambitsa ndondomeko ya SATAT mu 2018 yolimbikitsa zimenezi, koma ndi ntchito ya mafakitale. Ku Germany kuli matanki pafupifupi 9,000 opanga magetsi, chifukwa lamulo la mu 2000 linatsimikizira eni ake mtengo wogulitsira magetsiwo kwa zaka 20, ndipo ambiri amalima chimanga chodyetsera thanki. Kwathu kuno chimanga chimenecho ndi chakudya cha ana.

Chimene ambiri saika m'mawerengero ndi phala lotuluka kumapeto kwa thanki. Silinunkha ngati ndowe yaiwisi, ntchentche sizilikonda, ndipo chonde chake mbewu zimachigwira msanga. Ine ndimalithira m'dimba la mpiru ndi m'nsenjere za ng'ombe zomwezo, ndipo feteleza wogula ndamuchepetsa. Kuphika ndi manyowa mukaziphatikiza, ndizo zimabweza ndalama ya njerwa ndi simenti.

Powerengera musatenge gasi wa mu Okutobala. Kukazizira mu Juni ndi Julaye, makamaka kumapiri ngati ku Dedza, tizilombo towoletsa ndowe timafooka ndipo moto umachepa. Ngati gasi wa miyezi imeneyo akukwana kuphikira n'kutsalako, pamenepo yambani kufunsa mtengo wa jenereta.