Nyenyezi ziwiri, ndipo yachiwiriyo ndi ya bambo anabwera pambuyo pake

Amene muli ndi timaofesi kuno ku UK mukuidziwa kale PAT testing, ija amabwera kudzayeza zipangizo zamagetsi n'kumata timasitika tobiriwira. Ife tili ndi kaofesi ka care (ntchito yosamalira anthu ofunika chithandizo) ku Leeds, mwini nyumba ndi a inshuransi anafuna pepala lake, ndiye tinaitana kampani yomwe ndikuipatsa nyenyezi ziwiriyi chifukwa cha mtengo wawo wa £1 pa chinthu kuphatikizapo yoitanira. Kubuka kunali kosavuta ndipo anafika nthawi yake, zimenezo sindikukana.

Koma mnyamata anatitumizirayo abale. Mahedifoni m'makutu, moni wongogwedeza mutu. Ndinamulozera kabokosi kakuda kali pansi pa desiki ya akaunti, ndinati aka ndi NAS, mmenemu muli ma timesheet ndi ma rota onse, musakakhudze musanandiuze. Anati ok ok. Ine ndili pa foni ndi carer wina amene basi inamusiya ndinangomva phii phii, kucheuka mnzathu wazula ekisitenshoni yonse pakhoma ngati akuzula chinangwa, pomwe panali NAS, rauta ndi kompyuta ya malipiro, zonse zili mkati mogwira ntchito, shut down osachita. Nditamufunsa akuti "ziyakanso". Zinthu zopitirira 40 anamaliza ola lisanakwane, inu werengerani nokha kuti chinthu chimodzi anakhala nacho nthawi yaitali bwanji, chonsecho a HSE eni ake, bungwe la boma loona za chitetezo pa ntchito, amanena kuti zolakwika zambiri zimapezeka poyang'ana ndi maso, chingwe, pulagi, fyuzi. Munthu wolipidwa pa sitika amathamangira sitika basi.

Atachoka ndiye tinaziona. Pulinta yaikulu ija inayaka bwinobwino, kungoti iyambe kutentha kuti isindikize, thii. Kompyuta ya malipiro osayaka n'komwe, ngakhale fani osazungulira. NAS kagetsi kalalanje phethiphethi. Linali Lachinayi, malipiro a ma carer Lachisanu, ndipo zonsezi zili ndi sitika yobiriwira yolembedwa PASS kkkk ndinaseka mokwiya.

Mayi wa pa foni ku ofesi kwawo ndi amene anandipsetsa mtima kuposa mnyamatayo. Sindinamalize n'komwe kufotokoza, iwo ayamba kale kuti kuyeza sikuwononga chinthu, zipangizo zanu zinali zakale, komanso munasayina pepala. Ndinati mayi, mmawa zinali zikugwira ntchito, masana sizikugwira, pakati apa wadutsa ndi munthu wanu yekha. Akuti lembani imelo. Mawu ake mmene amatulukira ngati ndikupempha ndalama ya ndiwo.

Wa IT wathu atabwera madzulo ndi amene ananditsegula maso. Akuti makina awo aja poyeza insulation, kuona ngati magetsi sakudutsa pomwe sakuyenera, amaponya 500V DC, koma makompyuta ndi ma ekisitenshoni okhala ndi surge protection, yoteteza magetsi akakwera mwadzidzidzi, woyeza amatsitsa n'kufika pa 250V, ndipo earth ya zinthu za IT amayeza ndi mphamvu yochepa, 200mA, osati 25A ija yoyezera ketulo ndi hita. Zonsezi akuti zilimo mu Code of Practice ya IET, bungwe la mainjiniya, ija inatuluka 2020. Ndiye anandionetsa ekisitenshoni yathu ya surge, yatsopano, yomwe mnyamata uja anaimata FAIL yofiira, akuti zimatero ukaiyeza pa 500V chifukwa kachipangizo kotetezera kali mkatimo kamayamba kudutsitsa magetsi. Kutanthauza kuti mnzathu sanasinthe kalikonse pa makina ake, amangodina batani limodzi kuyambira ketulo mpaka kompyuta. Nditapempha lipoti la manambala kuti tione anayeza pa mphamvu yanji, ananditumizira mndandanda wa PASS PASS PASS opanda nambala ngakhale imodzi.

Anayamba kundimvera nditalemba kuti ndipita ku small claims, khoti la milandu ing'onoing'ono ya ndalama, ndipo ndinatchula Supply of Goods and Services Act 1982, pomwe pamati ntchito izigwiridwa mosamala ndi mwaluso. Ndiye anatumiza bambo wina wachikulire, ndipo apa ndinene chilungamo, bambo ameneyu ntchito amaidziwa. Anagwada pa pulinta, kutsegula pulagi ndi ka sikuludiraiva, kutulutsa fyuzi n'kundipatsa m'manja, yofiira ya 3A, yakupsa. Mnyamata uja anachotsa ya 13A n'kuika imeneyo poganiza kuti pulinta ndi kanthu kakang'ono, osadziwa kuti ya leza imakoka magetsi ambiri ikamatenthetsa. Anaika ina, pulinta phokoso lake lija n'kuyamba. Ekisitenshoni anaiyezanso pa 250V, inakhoza, sitika yofiira anaimatula yekha n'kupepesa.

Kenako anatenga hita ya ku reception yomwe mnyamatayo anaimatanso FAIL, ine n'kumati wangochitira dala, anatsegula pulagi yake, mkati mwada bii, waya wabulauni watsala pang'ono kusololoka pa sikuluwu, pulasitiki yasungunuka mbali imodzi. Hita imeneyo imakhala yoyaka tsiku lonse nthawi yozizira pafupi ndi bokosi la magolovesi. Ndiye apo ndinakhala chete, mnyamata uja chimodzi anachiona ndithu.

Pa kompyuta ya malipiro ndi pomwe sitinagwirizane mpaka pano. Bamboyo akuti power supply, kachipangizo kopereka magetsi mkati mwa kompyuta, imene yakhala ikuyaka zaka osazimitsidwa nthawi zambiri imafera pomwe waizimitsa n'kuiyatsanso, ma capacitor, tizipangizo ta mkati mwake, amakhala atatopa kale, ndiye palibe angatsimikize kuti inaphedwa ndi kuyeza. Wa IT wathu anavomera kuti zimachitika. Chabwino, koma ndani anaizula ikugwira ntchito? Nanga NAS yomwe inatenga usiku wonse ikudzikonza ndipo ma timesheet a mmawa umenewo anasowa, tinachita kuimbira ma carer mmodzimmodzi kuti atumizenso pa WhatsApp? Apo amangoti pepani.

Bamboyo anandiuzanso chinthu chomwe ofesi yawo singanene, kuti lamulo lake, Electricity at Work Regulations 1989, limangoti zipangizo zizisamalidwa kuti zisavulaze munthu, silinena kuti chaka chilichonse, ndipo kompyuta yongokhala pa desiki mu ofesi sifunika kuyezedwa pafupipafupi ngati zida za pa sayiti. Koma sitika yawo iliyonse yalembedwa miyezi 12.

Invoyisi yawo anaifafaniza, power supply yatsopano ndi maola a wa IT tinalipira tokha. Mukawaitana, zimitsani nokha makompyuta asanafike, nenani kuti mukufuna lipoti la manambala, ndipo funsani amene akubwera ndani. Imelo yanga yofunsa ndalama ya wa IT sanayankhebe, koma yondikumbutsa kubuka za chaka chamawa yafika kale.