Bungwe lathu la maliro la anthu akummawa kwa Zambia kuno ku Lusaka, mmene ndalionera

Abale anga amene mumandifunsa ku inbox kuti kodi bungwe la maliro lija ndi lothandizadi kapena ndi kungotaya ndalama, ndayankha pano kuti aliyense awerenge. Mwachidule ine ndikuti lowani, koma musanalowe dziwani kaye bulanchi yake chifukwa mabulanchiwa sagwira ntchito mofanana ayi.

Ife tili ku bulanchi ya ku Chilenje, ena ali ku Matero, ena Chawama, ena Mtendere. Timasonkha K100 pamwezi banja lililonse, kukumana Lamlungu loyamba la mwezi tikaweruka ku tchalitchi. Ambiri ndi a ku Katete, Chadiza ndi Chipata koma a ku Petauke aliponso ndithu.

Zovuta zitatigwera chaka chatha azakhali atatisiya ku chipatala chachikulu cha UTH, ndinaimba foni kwa a sekilitale usiku, kusanache tenti inali itafika pakhomo, nkhuni, matumba a ufa, makala, azimayi a bungwe atamanga kale zitenje zawo ayamba kuphika. A tcheyamani eni ake anatiperekeza kokatenga chikalata choikira maliro ndi ku mochale, poti munthu ukafedwa mutu sugwira, sudziwa kuti uyambire ofesi iti. Azakhaliwo anali atanena kuti akagone kwawo ku Katete osati ku manda a Chingwere kuno ku Lusaka, ndiye ganizani mtunda umenewo pafupifupi makilomita 500 pa msewu wa Great East, kudutsa Chongwe, Rufunsa, mapiri aja, mlatho wa Luangwa, Nyimba, Petauke mpaka kufika. Bokosi ndi galimoto linalipira ndi bungwe, ndipo anthu anayi a komiti anakwera nafe nkukagona nawo pa siwa mpaka adzukulu atamaliza ntchito yawo. Kampani ya inshuwalansi imakupatsa ndalama inde, ndipo sindikuinyoza, koma sibwera kudzaimba nawe nyimbo usiku wonse.

Achinyamata ena amati izi nzachikale, za agogo. Nzakale zoona. Makolo athu atayamba kubwera m'tauni kudzagwira ntchito, makamaka Lusaka atakhala likulu mu 1935, munthu ankamwalira kutali ndi kwawo popanda mbale womuika, ndiye anthu ochokera dera limodzi ankasonkhana kuti aziikana. Ku migodi nako kunali akuluakulu a mitundu, zinayambira ku Luanshya mu 1931, iwowa ndi amene ankaweruza timilandu ndi kulandira alendo ochokera kumudzi. Panalinso mabungwe ena a aphunzitsi ndi makalaliki monga la ku Mwenzo la mu 1912, awo sanali a maliro koma mtima wake ndi womwewu wothandizana, ndipo mu 1946 anaphatikizana ku Broken Hill komwe lero ndi Kabwe motsogozedwa ndi a Dauti Yamba, mu 1948 nkusanduka chipani cha ndale cha Northern Rhodesia African Congress. Kusonkhana pakhonde uku tisamakuchepetse.

Tsono zondidandaulitsa. Ndalama za chipepeso zomwe malamulo amati ziperekedwe maliro asanaikidwe ife tinalandira titabwerako kale kumudzi, akuti osainira ku banki mmodzi anali atachoka. Izi zinandiwawa chifukwa tinachita kukongola ndalama ya chakudya cha kumudzi. Chinanso zonse zikadali m'buku limodzi la asungichuma, ukatumiza pa Airtel Money risiti yako ndi meseji ya pafoni basi, ikafufutika mkangano wayamba. Tinapempha kuti mwezi uliwonse aziika ndondomeko ya osonkha pa gulupu ya WhatsApp, ayamba koma modumphadumpha. Mnzanga wa ku bulanchi ina akuti kwawo nkhani ya ndalama ili bwino kuposa kwathu koma pamaliro anthu sabwera ambiri.

Dziwaninso kuti ukangolowa sayamba kukuthandiza pompo, pali miyezi isanu ndi umodzi yodikira, ndipo ukalumpha miyezi itatu osasonkha amakuimitsa kaye. Lamuloli ine ndikugwirizana nalo, ena ankalowa ataona kuti wodwala watsala pang'ono.

Mukafuna kulowa pitani kaye ku msonkhano umodzi ngati mlendo, funsani kuti osainira ku banki ndi angati, pemphani malamulo olembedwa muwerenge kunyumba, ndipo mulembetse maina a onse amene mukuwasunga pakhomo kuphatikizapo ana a abale, chifukwa amene sali m'buku bungwe silimuwerengera.