Oscilloscope ya Tektronix 465 ndi buku la kakonzedwe kake

Patha miyezi isanu ndi itatu chiyambireni kugwiritsa ntchito oscilloscope ya Tektronix 465, makina oonetsa mafunde a magetsi pa sikirini, pa ntchito yanga yokonza mawailesi ndi ma amplifier (zokuzira mawu), ndipo ndaona kuti ndi bwino ndifotokozere amisiri anzanga zimene ndapeza, makamaka iwo amene amakayika ngati n'chanzeru kuika ndalama pa makina amene anapangidwa iwo asanabadwe. Ndinaigula ili yakufa kwa munthu wina wogulitsa katundu wogwiritsidwa kale ntchito, choncho sindingathe kulankhula za makinawo popanda kulankhula za buku lofotokoza kakonzedwe kake, pakuti ndi bukulo limene linaiukitsa.

Kampani ya Tektronix inayamba mu 1946 ku Portland, m'chigawo cha Oregon ku America, ndipo pakati pa oiyambitsa panali Howard Vollum ndi Jack Murdock. Mtundu wa 465 unatuluka mu 1972. Umaonetsa mizere iwiri nthawi imodzi, umatha kuyeza mafunde othamanga mpaka 100 MHz, ndipo umatha kuonetsa bwino mphamvu yaing'ono ya magetsi mpaka 5 mV pa kagawo kamodzi ka sikirini. Kwa wokonza mawailesi zimenezi n'zokwanira ndithu. Kulemera kwake ndi kopitirira makilogalamu 10, motero ngakhale ili ndi chogwirira, malo ake enieni ndi pa tebulo la ntchito.

Ndisanailumikize ku magetsi ndinayang'ana kumbuyo kwake n'kupeza kuti inali yotchera pa 115 V, monga amagwiritsira ntchito ku America. Aliyense wogula makina otere ayambire pamenepo, asinthire ku 230 V ndi kuikamo fyuzi yoyenera, chifukwa kupanda kutero transformer ingathe kupsa tsiku loyamba lomwelo. Nditaiyatsa, fani inazungulira koma pa sikirini panalibe kanthu.

Apa ndi pamene nkhani ya buku inayambira. Loyamba limene ndinalipeza pa intaneti linali lojambulidwa mosasamala: masamba aatali a zithunzi za mawaya anali odulidwa pakati, ndipo manambala anali ofufutika moti 3 ndi 8 sizinkasiyanitsika. Kuwonjezera apo, ndinataya madzulo awiri ndikufunafuna zipangizo zimene sizinali pamalo pomwe bukulo linkanena, kufikira nditazindikira kuti 465 ili ndi mabuku awiri osiyana, lina la makina amene nambala yawo ya kufakitale (serial number) ndi yosafika B250000 ndi lina la oyambira pa nambala imeneyo kupita m'tsogolo. Buku loyenera ndinalipeza pa TekWiki, tsamba limene anthu okonda makina a Tektronix amasungirapo mabuku akale kwaulere, ndipo masamba a zithunzi ndinakawasindikiza pa pepala la A3 kuti ndizitha kulondola waya ndi chala popanda kusuzumira pa foni.

Buku limeneli ndi lapamwamba kwambiri, ndipo sindinaonepo lofanana nalo pa makina amakono alionse amene anadutsa m'manja mwanga. Limafotokoza m'mawu mmene gawo lililonse limagwirira ntchito, chifukwa chimene transistor iliyonse inaikidwira pamenepo, ndi zimene zimachitika chizindikiro cha magetsi chimene ukuyeza chikalowa mpaka kukafika pa sikirini. Pambali pa zithunzi za mawaya pali mphamvu ya magetsi imene uyenera kupeza pa malo osiyanasiyana, pamodzi ndi maonekedwe a mafunde oyenera kuoneka pamenepo, ndipo kachipangizo kalikonse kali ndi nambala yake pa mndandanda. Munthu amaliwerenga ngati ali m'kalasi ndi mmisiri amene anawapanga makinawo.

Potsata bukulo ndinayamba ndi gawo logawa magetsi, limene limatulutsa +110 V, +55 V, +15 V, +5 V ndi -8 V. Mzere wa magetsi wa +55 V ndiwo muyezo umene inayo imadalira, choncho ukasokonekera zonse zimasokonekera nawo. Kwa ine umenewo unali bwino, koma wa +15 V unali utagweratu. Ndinayamba kupatula magawo limodzilimodzi mpaka ndinafika pa capacitor ya tantalum, kachipangizo kosunga magetsi kakang'ono ngati nyemba, imene inali itagwirana mkati chifukwa cha ukalamba. Nditaichotsa n'kuwotchererapo ina, mzere wobiriwira unaonekera pa sikirini, woonda ndi wowala bwino. Chipangizo chimene chinagonetsa makina onsewa chinali chotsika mtengo kuposa botolo la chakumwa.

Vuto lachiwiri linali la maswichi: ndikapotokola chosinthira kukula kwa mafunde, mzere unkadumphadumpha. Mkati mwake muli timano tachitsulo topyapyala topakidwa golide, ndipo sitifuna sandpaper kapena mankhwala opopera. Ndinadula kapepala koyera, n'kukanyowetsa ndi isopropyl alcohol, n'kumakakoka pang'onopang'ono pansi pa dzino lililonse. Ntchitoyo inanditengera tsiku lathunthu koma kudumphako kunatheratu. Chinanso chosangalatsa n'chakuti ma transistor ambiri ndi ongolowetsa m'mabowo ake, moti ukhoza kuzula imodzi n'kuiyesa popanda kutenthetsa chowotcherera.

Zovuta zake ziliponso ndipo wogula ayenera kuzidziwa. Chubu cha sikirini chimayendera magetsi oposa 18,000 V, amene amatsaliramo ngakhale makina atazimitsidwa, kotero wosazolowera asapisemo dzanja asanawerenge machenjezo a m'buku. Zipangizo zina, monga ma tunnel diode ndi ma IC (tizipangizo tokhala ndi ma transistor ambiri mkati) amene Tektronix inkadzipangira yokha, a manambala oyamba ndi 155, sizipezeka m'masitolo wamba, ndipo zikafa njira yake ndi kuzula pa 465 ina yowonongeka. Kuitchera kuti iziyeza molondola monga bukulo likufunira kumalira makina ena oyezera amene ine ndilibe. Ndimadalira chizindikiro chake choyesera cha 300 mV pa 1 kHz chimene chili kutsogolo, ndi kuyerekeza ndi multimeter (choyezera magetsi) yanga. Komanso siisunga chithunzi, choncho amene amakonza zinthu za makompyuta, momwe chizindikiro chimabwera kamodzi n'kuzimirira, athandizika kwambiri ndi oscilloscope yamakono.

Kwa wokonza mawailesi ndi zokuzira mawu, ndikuivomereza ndi mtima wonse, bola mtengo wake ukhale wa makina ofunika kukonzedwa. Asanalipire afunse nambala ya makinawo, atsimikize kuti buku logwirizana nayo likuwerengeka bwino, ndipo ngati ikuyaka ayang'ane kuti mzere ukuwala mokwanira asanapotokole chowalitsira mpaka kumapeto, chifukwa chubu chotopa ndi chinthu chimene bukulo silingamuthandize kukonza.